Sukulu ya Kuseri kwa Khitchini

M'komboni, ku Joni
9 Malichi 1924

Okondedwa amake Jesinta,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa ana athu, Jesinta ndi Mailosi. Ine kuno ndili bwino, kungoti mapazi sanaiwalebe ulendo. Anthu akwathu anandilandira ngati ndabwera ndi nsomba za m'Shire m'thumba.

Ntchito ndaipeza ku chipatala cha m'komboni. Ndimatsuka mabala, kuwiritsa mabandeji ndi kugwira anthu miyendo dokotala akamasoka. Ananditenga chifukwa ndimamva Chingerezi, choncho pansi pa mgodi sinditsikako, ndipo pa nkhani imeneyo mtima wanu ukhale m'malo. Timagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti. Zina za muno tidzakamba tili pakhonde.

Tsiku lija pa doko munandifunsa ngati sindidzaisowa sukulu. Yankho langa silinasinthe. Zaka zonse zija kwa Maseya ndinali kuimbitsa tiana a, e, i, o, u, ndipo nditapempha kuti andipatseko kalasi ya okulirapo, ndiziwaphunzitsa Chingerezi ndi za mayiko, woyendera masukulu uja anati Chingerezi changa chikununkha matope a kudimba. Chabwino. Kuno matope omwewo andipezetsa ntchito. Choko ndinatsanzikana nacho.

Pali munthu wina amene sakufuna kumva zimenezi. Dzina lake ndi Sebastiano, Msena wa ku Nsanje, wamkulu thupi moti polowa pakhomo amayamba wapendekera. Amaboola miyala pansi pa mgodi. Anabwera ndi chala chophwanyika, ndipo ndikumumanga anandimva ndikuyankhulana ndi dokotala. Dokotala atatuluka anati:

"Aphunzitsi, icho mwachita ndi pakamwa panucho, mundigawireko."

Ndinamuuza kuti ine si mphunzitsi, ndine womanga mabala.

"Nkhabe," anatero pa Chisena chake, akupukusa mutu. "Inu ndinu mphunzitsi. Mukundiyang'ana ngati ndalakwitsa samu pophwanya chala changa chomwe."

Ndinamukana, ndipo anachoka akuseka.

Thonje lija mulipalire kachiwiri udzu usanalimeze. Mailosi asapite yekha kokawedza madzi adakali ochuluka chonchi, ng'ona za pa doko lathu zimamudziwa kale ndi dzina. Ndatumiza nsalu ndi sopo kudzera mwa munthu wa ku Chikwawa amene akubwerera kwawo. Nsalu yofiirayo ndi yanu, musampatse munthu ngakhale alire.

Moni kwa alamu anga a Lazaro ndi onse a pamudzi.

Ine mwamuna wanu,
Gideon


4 Meyi 1924

Okondedwa amake Jesinta,

Kalata yanu inandipeza, ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino ndiponso kuti mapira acha. Inenso ndili moyo.

Ndikuuzani nkhani, koma musaseke kwambiri. Ndayambanso kuphunzitsa.

Sebastiano uja chala chinapola, koma ku chipatala sanasiye kubwera. Lero akuti khutu, mawa bondo, tsiku lina anabwera n'kunena kuti ndevu zikumuwawa. Mapeto ake dokotala anandifunsa ngati munthuyu ndi m'bale wanga. Ndinaona kuti ndikapanda kuvomera andichotsetsa ntchito, ndiye ndinati abwere Lamulungu masana kuseri kwa khitchini, kumene khoma limakhala lofunda ndi moto wa m'kati. Anabwera, koma osati yekha. Anadza ndi anzake a m'chipinda chake, Achangana, Atonga a kunyanja ndi ena, aliyense atanyamula chitini chokhalira. Anakokanso mkulu wina wa ku Chiromo, a Geresomo, amene amaphika mahewu a komboni yonse ndipo tsitsi lawo layera kale.

Bolodi lathu ndi lata lakale limene tinalidetsa ndi mwaye. Choko ndi dongo loyera lotola pa mulu wa mgodi. Ndodo ndilibe, ndipo ngakhale ndikanakhala nayo, ndikanamenya ndani? Wamng'ono pa onsewa angathe kundinyamula ndi dzanja limodzi.

Apa ndi pamene ndaona chinthu chimene sindinachidziwe zaka zonse zija. Ana kwathuko ndinkalimbana nawo kuti akhale chete. Awa ndimalimbana nawo kuti ayankhule. Mwana amaopa ndodo, koma munthu wamkulu amaopa kusekedwa, ndipo manthawa ndi ovuta kuwachotsa. Munthu amene amagwira ntchito pansi pa nthaka osanjenjemera, ukamuuza kuti atchule dzina la mpando pa Chingerezi, thukuta kamukamu. Ndiye ndinaika lamulo loti amene walakwitsa mokweza timuombere m'manja. Tsopano Sebastiano amaomberedwa m'manja kuposa onse, ndipo ndi iyeyo amene akuthamanga kuposa onse. A Geresomo okha sanatulutsebe liwu. Amangogwedeza milomo ngati akupemphera.

Sabata yatha tinafika pa mpeni. Pa Chingerezi amati naifi, koma polemba amayamba ndi chilembo cha K. Sebastiano anachiyang'ana nthawi yaitali.

"K ameneyu akugwira ntchito yanji pamenepa?"

"Palibe," ndinatero. "Amangokhalapo, satchulidwa."

"Amangoima kutsogolo, osachita kanthu?"

"Eya."

"Ndiye kuti ndi wapolisi wa pa geti."

Anthu anagwa pa zitini ndi kuseka. Kuyambira tsikulo zilembo zonse zosatchulidwa timazitcha apolisi, ndipo palibe amene amaziiwala polemba. Ndikanakhala ndi nzeru imeneyi kale, bwenzi ana a kwa Maseya atapulumuka zikwapu zambiri.

Kuzizira kwayamba. Akuti kuno madzi amauma m'chitini n'kukhala ngati galasi. Ndikadzaona ndi maso anga ndidzakuuzani, pakuti anthu a m'komboni amawonjezera nkhani.

Mbuzi yaikazi ija musaigulitse, ili ndi bere. Denga la nkhokwe mupemphe achinyamata a kutchalitchi akuthandizeni, musakwere nokha.

Ine wanu,
Gideon


29 Juni 1924

Okondedwa amake Jesinta,

Moni wochuluka kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kamabwera m'mawa n'kupita dzuwa likakwera. Aliyense kuno ali nako. Za madzi ouma zija ndi zoona, ndawagwira ndi dzanja.

Ndiyambe ndi nkhani ya Jesinta, pakuti yandisowetsa mtendere. Mwati alamu anga a Lazaro akufuna amuchotse sukulu kuti aziingitsa mbalame kumunda, ndiponso akuti mtsikana akadziwa kulemba dzina lake zakwana. Ndikudziwa kuti iwo ndi atsibweni ake, mbumba ndi yawo, ine ndine wobwera. Sindingalamule ndili kuno. Koma mwana uja ndinamuona ndi maso anga akuwerenga pepala lokulungira mchere ali chikhalire pa mtondo, wopanda womutuma. Wotere simumuchotsa sukulu. Mukawauze mofatsa kuti ndapempha, atalikitseko mtima mpaka amalize kalasi imene alimo. Ndawagulira chipewa chabwino chokhala ndi lamba wakuda, chikubwera ndi wonyamula kalatayi. Musawapatse msanga. Muyambe mwamva kaye mayankhidwe awo.

Sukulu yathu yakula, zitini zayamba kuchepa. Tsopano sitiphunzira Chingerezi chokha. Ku chipatala kunabwera mabotolo okulungidwa m'mapu akale a dziko lonse la Afirika, ong'ambika ngodya imodzi. Ndinawapempha, ndinawawongola ndi mwala wofunda, n'kuwapachika pa lata lathu. Amake Jesinta, mukanaona. Amuna akuluakulu kukankhana ngati ana pa mtengo wa masawu, aliyense kufuna kuona kwawo. Ndinawaonetsa Zambezi, kenako ndinatsata ndi chala mpaka pa Shire. A Geresomo anayandikira mpaka mphuno kukhudza pepala.

"Shire ndi kameneka?" anafunsa. "Mtsinje umene unameza ngalawa ya abambo anga ndi katundu yense, n'kukwana m'kaulusi aka?"

Chiromo anamupeza. Maseya sanalembedwe. Anthu ambiri kwawo sanakupeze, ndipo ndinaona nkhope zikugwa. Ndiye ndinati tiwasiye mapu a pepala, tijambule athu pansi. Tinasesa bwalo lonse la kuseri kwa khitchini. Sebastiano anakumba Shire ndi chidendene, Atonga anakumba nyanja yawo yaikulu mopitirira muyeso, Achangana anathira ndowa ya madzi kuti ikhale nyanja ya mchere. Aliyense anaika mwala pamene pali mudzi wake, ndipo lamulo linali loti poika mwalawo anene mmene makolo ake anafikira pamenepo.

Ine ndinanena za agogo anga, amene anachokera kumtunda kwa Zambezi atasenza katundu wa azungu apaulendo, n'kukhazikika ku Chikwawa osabwereranso. Sebastiano ananena za amayi ake, amene anaoloka kuchokera kwa Apwitikizi iye ali kumsana, pothawa nkhondo. Wina aliyense anali ndi ulendo wake. Mchangana wina anati, "Ndiye kuti tonse ndife ana a anthu oyenda, n'chifukwa chake tili kuno." Kalasi ya mbiri imene ndinkaipempha kwa woyendera masukulu ndi imeneyi, ndipo ndinaipeza pa fumbi, pakati pa makoko a mbatata.

Pomaliza a Geresomo anaima pamwamba pa Shire wathu wa chidendene, mwendo uku mwendo uko, n'kunena pa Chingerezi, mawu onse m'malo mwake, kuti uwu ndi mtsinje wanga. Aka kanali koyamba kuwamva. Tinasowa chochita, pakuti lamulo lathu ndi loombera m'manja wolakwitsa, ndipo iwo sanalakwitse. Tinaomba basi.

Mundiuze msanga za Jesinta.

Ine mwamuna wanu,
Gideon


17 Ogasiti 1924

Okondedwa amake Jesinta,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndikadali wamphamvu. Yankho lanu pa za Jesinta silinandipezebe, mwina lili m'njira.

Ophunzira anga tsopano afika poti akhoza kukangana pa Chingerezi, ndiye ndayambitsa mtsutso. Ndimawagawa pawiri, n'kuwapatsa mutu, ndipo wonena liwu la chinenero chakwawo amatuluka m'bwalo. Ndaona kuti munthu akapsa mtima amaiwala manyazi, mawu amatuluka okha. Mutu wa Lamulungu lapitali unali woti chofunika kwambiri n'chiti, ngalawa kapena ng'ombe. Achangana ndi Asutu anaima ku ng'ombe, ife a kumadzi ku ngalawa. Phokoso lake linali ngati la pa msika wa thonje. Anthu anatuluka m'zipinda kudzaonerera, mpaka bwalo linadzaza. Chingerezi chimene chinayankhulidwa tsiku limenelo, eni ake akanachimva akanalira, koma aliyense anamveka chimene amatanthauza, ndipo kwa ine chimenecho ndicho chachikulu. Kukonza timakonza pambuyo, mitima itazizira.

Mtsutso utatha ndinatsala ndi Sebastiano tikukolopa lata. Ndinamufunsa chimene chinamuchititsa kundisautsa chonchija ku chipatala, pakuti iye safuna ntchito ya mu ofesi. Anandiuza. Pa mgodi umene anayambira ntchito, tsiku lina anamva mwala wa pamwamba pawo ukulira ngati ng'oma yong'ambika. Anauza womasulira kuti auze mzungu wa pansi kuti malowa si abwino. Womasulira, pofuna kufupikitsa nkhani, anangoti munthuyu akukana ntchito. Mzunguyo anamutsekera Sebastiano, ndipo malo ake anaikapo wina. Za winayo sananene zambiri, ndipo ine sindinafunse.

"Ndikufuna mawu anga aziyenda ndi miyendo yawo," anatero, "osakwera pamsana pa munthu."

Kuyambira tsikulo ndasintha kaphunzitsidwe. Ndasiya ziganizo za m'buku zonena za mphaka wokhala pa mphasa. Ndimawafunsa chimene akufuna kudzanena, kwa ndani, ndipo timayambira pamenepo. Wina akufuna kuuza dokotala pamene pakumuwawa. Wina akufuna kufunsa njira ya ku siteshoni. A Geresomo akuti akufuna kudziwa mawu oyenera kuuza mzungu wa ku khitchini kuti nyemba zake ndi zofumbwa, koma mwaulemu.

Pa tsiku la mtsutso lija apolisi a m'komboni anabwera n'kuima chapatali, manja kumbuyo. Sanaseke. Kuno pali ena amene sakondwa akaona anthu a mitundu yosiyana atasonkhana pamodzi n'kumakweza mawu. Ndisapitirire.

Thonje mukagulitse nokha, musatume munthu. Mukayang'anitsitse sikelo. Mailosi mumugulire kabudula, ndamva kuti wakale uja watsala lamba lokha.

Ine wanu nthawi zonse,
Gideon


2 Novembala 1924

Okondedwa amake Jesinta,

Pepani pokhala chete nthawi yonseyi. Ndili moyo, ndipo ndikhulupirira inunso ndi ana muli bwino.

Mukamva zonena za anthu obwerera kumudzi, musazitenge zonse. Ndi zoona kuti ndinagona masiku angapo kumalo kumene sindinasankhe ndekha, koma ndinatuluka ndi ziwalo zanga zonse. Ku chipatala sindikugwirakonso. Tsopano ndimawola phulusa ku ng'anjo zazikulu, ntchito yofunda bwino, kungoti imasiya munthu ali mbuu ngati nyau. Kulemba kwanga kukaoneka kokhota, ndi manja amene sanazolowere fosholo.

Sukulu anaitseka. Akuti unali msonkhano. Lata lathu analitenga, mapu aja sindikudziwa kumene ali. Lamulungu masana ndimachapa malaya, ndikatha ndimawachapanso.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, mupirire pang'ono. Mbewu ya mapira muisunge pouma, mvula yoyamba isakunamizeni. Kalata zanu zimene munatumiza akuti zili ku ofesi, sanandipatsebe.

Ine mwamuna wanu,
Gideon


14 Disembala 1924

Okondedwa amake Jesinta,

Lero ndikulemba ndi mtima wopepuka. Ndili bwino, ndipo kalata zanu zonse andipatsa tsiku limodzi, ndaziwerenga mpaka mapepala afewa.

Ndaseka ndekha ngati wamisala. Mwati munauza alamu anga kuti mbalame muziingitsa ndinu, mwana apite kusukulu, ndipo munaima pakhomo mpaka iwo anavomera. Mwatinso chipewa chija simunawapatse n'komwe, mukuvala ndinu kumunda chifukwa cha dzuwa. Amake Jesinta, ine ndinatuma chipewa kuti chikagwire ntchito imene inu munaimaliza ndi pakamwa. Chivaleni, mwachigwirira ntchito. A Lazaro ndidzawabweretsera china, tisadane.

Tsopano imvani za kuno. Lolemba lina mwezi watha ndili pa phulusa, wapolisi anabwera kudzanditenga kuti akundifuna ku ofesi ya bwana wa komboni. Ndinasiya fosholo n'kumutsatira. Nditalowa ndinapeza ophunzira anga atandanda kukhoma, atavala malaya a ku tchalitchi, zipewa m'manja. Anapita okha, osandiuza. Womasulira wa ofesi anayamba kukonza pakhosi, koma Sebastiano anamuuza mwaulemu kuti lero apume.

Ndinamva pambuyo pake kuti Sebastiano mawu ake anawakonza kwa milungu ingapo, akuwabwereza pansi pa mgodi. Koma bwana atangomuyang'ana, mawu onse anamuthawa. Anaima kukamwa kuli yasa, thukuta likutsika. Ine ndinayang'ana pansi. Kenako anayamba ndi mawu amene anatsala. Analakwitsa pafupifupi paliponse. Za dzulo anazinena ngati za mawa, bwana anamutchula ngati mkazi kawiri konse. Lilime langa linkayabwa kuti ndikonze, ndinachita kuliluma. Koma anamveka. Anati si msonkhano, ndi sukulu. Anati mphunzitsi sanatiitane, tinamukakamiza ndife.

Bwana anafunsa kuti munthu woboola miyala Chingerezi achitenji. Sebastiano anati: "Mwala ukakhala woipa, ndikuuzeni ndekha, msanga." Bwana anaseweretsa cholembera. Kenako anafunsa za phokoso lija la mu Ogasiti, kuti tinkakangana chiyani. Atamva kuti inali nkhani ya ngalawa ndi ng'ombe, anayang'ana wapolisi amene anakatinenera, ndipo wapolisiyo anayang'ana denga.

"Nanga anapambana ndani?" anafunsa bwana.

Apa a Geresomo, omwe aja ogwedeza milomo, anatuluka pamzere n'kuyankha pa Chingerezi chodukaduka: "Ngalawa, bwana. Ngalawa siidya chimanga cha mnansi wako."

Bwana anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsokomola. Pomwepo a Geresomo anaona kuti mpata ndi womwewu, n'kuwonjezera za nyemba zofumbwa zija, mwaulemu monga tinaphunzirira.

Sukulu aitsegula. Lamulo ndi loti wapolisi mmodzi azikhalapo nthawi zonse kuti azimva zimene tikunena. Anatipatsa yemwe uja anakatinenera, dzina lake Paison. Lamulungu loyamba anaima kumbuyo, manja kumsana. Lamulungu lachiwiri anakhala pa chitini. Lero ndinamuona akulemba ndi chala pa fumbi, ndiye ndinamupatsa dongo loyera. Sebastiano anandinong'oneza kuti K wayamba kutchulidwa.

Ntchito ya ku chipatala sanandibwezere, anaikapo kale wina. Palibe kanthu. Titatuluka mu ofesi muja Sebastiano anandifunsa kuti analakwitsa kangati. Ndinamuuza kuti sindinawerenge, manja anga akanatupa ndi kuomba.

Muuze Jesinta andilembere yekha, pa Chingerezi, ngakhale mizere iwiri. Asaope kulakwitsa.

Ine mwamuna wanu,
Gideon


22 Febuluwale 1925

Okondedwa amake Jesinta,

Moni kwa inu, kwa Jesinta ndi kwa Mailosi. Ine ndilipo. Kalata ya Jesinta ndinailandira, ndipo ndinakaiwerenga ku sukulu. Ophunzira anga anaizungulira kufunafuna cholakwika, anapeza chimodzi, n'kumuombera m'manja ali kuno. Mumuuze kuti amuna a ndevu a mitundu yambiri akumudziwa dzina.

Ndikubwera kumudzi. Dokotala amene ndinkagwira naye ntchito anandiyeza pachifuwa, n'kunena kuti phulusa ndi ine tasiyana maganizo, ndipo mpweya wa kumtsinje ungandikomere kuposa wa kuno. Sananene zambiri, inenso sindinafunse zambiri. Musachite mantha, ndikuyenda ndi miyendo yanga. Ndinyamuka mwezi wamawa pamodzi ndi a Geresomo, amene akuti mahewu aphika okwana moyo wonse. Tikatsika sitima ku Chiromo ndidzatumiza mawu. Mbuzi musaphe, nkhuku ikwana.

Pansi pa mtengo waukulu wa mtondo uja wa kuseri kwa nyumba musalimepo chilichonse. Ndikufuna ndizidzakhalapo Lamulungu masana ndi aliyense wofuna, akulu ndi ana omwe, amayi ndi abambo. Sindikapempha chilolezo cha kalasi kwa munthu. Inunso malo anu alipo, kutsogolo.

Chinandivuta ndi choti sukulu ya kuno ndiisiye m'manja mwa ndani. Pali Mtonga wina amene Chingerezi chake ndi choyera kuposa onse, koma akaima kutsogolo amayankhula ndi nsapato zake. Ndinasankha Sebastiano. Anakana, anati iye ndi wolakwitsa wamkulu. Ndinamuuza kuti n'chifukwa chake ndamusankha, pakuti obwera kumene akamuona sadzaopa.

Lero ndiye linali tsiku lake loyamba. Ndinamupatsa dongo loyera, ine n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pa chitini, pafupi ndi mnyamata wa ku Makhanga amene wangofika kumene ndipo sadziwa liwu ndi limodzi lomwe. Sebastiano anayamba movutikira, dongo linathyoka kawiri m'zala zake zazikuluzo. Koma posakhalitsa mawu anabwerera, ndipo anayamba kuyenda uku ndi uku, kufunsa aliyense chimene akufuna kudzanena ndi kwa ndani. Ena amawayankha m'Chisena, ena m'Chichangana, zimene ine sindikanatha. Anafika pa mnzanga wa ku Makhanga uja, n'kumufunsa dzina la madzi pa Chingerezi. Munthuyo anauma. Ine, osadziwa n'komwe kuti ndikuchita chiyani, ndinapendekera n'kumunong'oneza yankho.

Sebastiano anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundiloza ndi chala chija ndinachimanga.

"Inu a kumbuyoko, dzina lanu ndani?"

"Gideon," ndinatero.

"A Gideon, muno muli mphunzitsi mmodzi. Munthuyu ali ndi pakamwa pake. Imirirani, mukhale choimirira mpaka ayankhe yekha."

Ndinaimirira, amake Jesinta, chipewa m'manja, pamaso pa sukulu yonse, Paison wapolisi akubisa nkhope m'jasi. Mnzanga uja anavutika, anayesa, analakwitsa, anamuombera m'manja, anayesanso mpaka anatchula. Pamenepo mphunzitsi anandilola kukhala pansi, n'kundichenjeza kuti ndisadzabwerezenso.

Ndaimapo kutsogolo kwa makalasi zaka zambiri, koma sindinakondwepo ngati mmene ndinakondwera lero nditaimitsidwa kumbuyo.

Konzani mphasa, ndili m'njira.

Ine mwamuna wanu,
Gideon